Zithunzi za Kabatani

Pakhomo pa Amisiri panali pamtendere. Amisiri ndilo dzina limene msewu wonse unkawaitanira bambo wokonza makompyuta uja, moti dzina lawo lenileni analidziwa ndi akazi awo okha. Shopu yawo inali chipinda chakumaso kwa nyumba yomwe ankakhalamo, ndipo kafungo ka mawaya otenthedwa kankafika mpaka kukhitchini, amayi n'kumadandaula kuti tiyi wawo akununkha magetsi. Banjali linkapemphera limodzi m'mawa, kudya limodzi madzulo, ndipo mkangano waukulu pakhomopo unkakhala wa yemwe wasowetsa sikuludiraiva yaing'ono.

Mwana anali mmodzi yekha, mtsikana wamutu wogwira. Atamaliza sekondale analowa m'shopu, ndipo pasanapite nthawi ankamasula laputopu mofulumira kuposa bambo ake. Vuto linali lakuti chinthu akachidziwa, chinkamutopetsa. Ukamufunsa ngati wapukuta fumbi m'kompyuta ya kasitomala, yankho linali lakuti, "Ndatha kale." Ukamufunsa ngati wayesa chaja, "Ndatha kale." Anthu anamupatsa dzina lakuti Ndathakale, ndipo mwiniwake analikonda kwambiri poganiza kuti akumutama.

Amisiri anali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito, kamene ankakabwereza mpaka makoma anakaloweza. M'kati mwa kompyuta iliyonse muli kabokosi kachitsulo kotchedwa diski, ndipo m'menemo ndimo mumakhala zonse za munthu: zithunzi, makalata, nyimbo, ntchito.

"Kompyuta ya munthu ikalowa muno," ankatero, "usathamangire sikuludiraiva. Yamba wakopera zinthu zake pa diski ya shopu, kenako uzitsegule uone ndi maso ako kuti zikutsegukadi. Ukachotsa diski ya mwini wake, uimate selotepi yofiira isanagunde tebulo. Madiski amafanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Ndipo tsiku lina chinthu chikadzafufutika mwangozi, chotsa manja, usalembepo kanthu kena, undiitane."

"Ababa, zonsezo ndikuzidziwa."

"Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, mwanangu."

Khomo loyandikana ndi shopu linali la mnyamata wothira mafilimu ndi nyimbo m'mafoni ndi m'mafulashi a anthu. Onse ankangomutchula kuti Wamafilimu. Anali waukhondo, wonunkhira perefyumu, ndipo pakamwa pake pankatuluka uchi wokhawokha. Amisiri akangochokapo, iye ankatsamira pazenera la shopu.

"Iwe, mutu wabwinobwinowu ukuuthera pa kabulashi ka fumbi?" anatero tsiku lina. "Madalawa ntchito yaing'ono amaikoka mpaka dzuwa kulowa. Kasitomala amaona kunja, m'kati saonamo. Pukuta sikirini iwale, umupatse."

"Ababa amati kuthamanga si kufika."

"Nanga kukwawa ndiye kufika? Tabwera udzaone filimu yatsopano, ntchito siithawa."

Ndathakale anaseka, ndipo kuseka kumeneko ndiko kunatsegula chitseko. Anayamba ndi fumbi: ankapukuta pamwamba, fani yoziziritsa m'kati n'kuisiya itatsamwa fumbi. Kenako anatopa ndi kuthandiza makasitomala kusankha mapasiwedi olimba, n'kuyamba kuwaikira onse imodzi yomweyo, yosavuta kukumbukira komanso yosavuta kuba. Tsiku lina analola Wamafilimu kubaya fulashi yake pakompyuta ya shopu osaiyeza kaye, vairasi n'kulowa, Amisiri n'kutha tsiku lonse akuichotsa.

"Fulashi ya munthu wina ndi mlendo," anatero bambo akewo, thukuta lili chuchuchu. "Mlendo sumulowetsa kuchipinda usanamufunse kumene wachokera. Ndinakuuza kapena sindinakuuze?"

"Munandiuza. Sizichitikanso."

Amayi ake anamupeza kukhitchini akutsuka mbale mwa dzina lokha, maso ali pafoni. Anamulanda foniyo n'kuiika pamwamba pa kabati.

"Mwanangu, ulesi subwera utanyamula pilo kuti uuzindikire. Umabwera ngati nzeru, n'kumakunong'oneza kuti iwe ndiwe wochenjera, zinazi n'za anthu ogona. Mnyamata wa pazenera uja tsiku la mavuto sudzamuona."

"Amayi, inunso mwayamba ulaliki?"

"Wakutsina khutu ndi mnansi. Tsukanso mbalezo, zili ndi mafuta."

Kutsidya kwa msewu kunkakhala mayi wina wosoka zovala, amene onse ankawatchula kuti amake Kabatani. Kabatani anali mwana wawo yekhayo, kamtsikana kamene kanapatsidwa dzinali chifukwa kankakhala pansi pa makina osokera n'kumasewera ndi chitini cha mabatani. Kankakonda kuwoloka msewu n'kudzadinadina kiyibodi yakufa imene Ndathakale anakapatsa, kakuti nakonso kakugwira ntchito. Chaka chapitacho kanadwala masiku ochepa n'kumwalira, kasanayambe n'komwe sukulu.

M'mawa wina amake Kabatani analowa m'shopu atakumbatira laputopu yakale, ataikulunga m'nsalu.

"Amisiri, yayamba kuchedwa, ndipo m'katimu mukumveka kuti tcheketcheke. Ndili ndi mantha. Foni ija anandibera m'basi, ndiye zithunzi zonse za mwana zatsala muno mokha. Kwina kulikonse kulibe."

Anaiyatsa kuti awaonetse. Itatha kuzengereza, sikirini inaonetsa Kabatani atakhala pansi, mabatani ali mbwee pamiyendo, akuwasanja ndi kuimba nyimbo yopeka yekha. Kenako anadzutsa mutu, n'kuseka ndi kamano kake kogweluka, n'kuti, "Amama, taonani!" Mayiyo anagwira pakamwa. Ndathakale naye anamva kutentha m'maso.

"Ndimaionera m'mawa uliwonse ndisanayambe kusoka," anatero amake Kabatani. "Ndikapanda kutero, nkhope ija imayamba kundithawa."

Amisiri anaika khutu pa laputopuyo n'kumvetsera. "Diski yakalamba, koma ikadali ndi moyo. Mwabwera nthawi yabwino, mayi. Tisamutsira zonse pa diski yatsopano, ndipo tikupatsaninso fulashi yokhala ndi zithunzizi muzikasunga padera. Chinthu chamtengo sichisungidwa malo amodzi."

Mawu ali m'kamwa, foni yawo inalira. Mphezi inali itawononga makompyuta pasukulu ina yakutali, mayeso ali pafupi, ndipo ankafunika kunyamuka nthawi yomweyo n'kukagona konko. Anayang'ana mwana wawo, kenako mayiyo.

"Musade nkhawa. Mwana wangayu manja ake ndi abwino kuposa anga." Atatero anatembenukira kwa Ndathakale. "Kopera kaye. Selotepi yofiira. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

Pa ntchito yosamutsayi shopu inali ndi kamakina ka makomo awiri. Khomo lina unkalowetsako diski yopereka, linalo yolandira, n'kudina batani. Kamakinako kankajambula zonse za yoperekayo n'kuzipondetsa pa yolandirayo. Kanalibe maso kapena chisoni. Ukakapatsa yopanda kanthu kuti ndiyo ipereke, kankasamutsa kupanda kanthuko mokhulupirika.

Masana Wamafilimu anatulukira pazenera. "Gawo lomaliza la filimu ija lafika. Anyamata asonkhana kale, tikudikira iwe."

"Ndili ndi ntchito ya amake Kabatani. Ndiyambe ndakopera zithunzi, ndipo diski yake ndi yochedwa."

"Ukopere kawiri chinthu chimodzi? Si kamakinako kakopera konse? Madala ako amavala lamba ndi malamba a paphewa nthawi imodzi. Baya, dina, tiye."

Ndathakale anaona kuti mawuwo ndi anzeru. Anamasula laputopu, n'kuchotsa diski, n'kuiika patebulo pambali pa yatsopano. Selotepi yofiira inali pa msomali wake, pongotambasula dzanja, koma foni yake inalira, mnzake atatumiza nthabwala. Anawerenga, anaseka, anayankha, kenako anatola madiski awiri aja osayang'ana, n'kuwabaya, n'kudina batani, n'kutuluka akuimba.

Filimu itangoyamba anakumbukira kuti sanakhome chitseko cha shopu. Anabwerera mothamanga, n'kuponya diso pa kamakina kaja, kamene magetsi ake anali kuphethira mosangalala. Apo m'pamene anaona kuti diski ya kukhomo lolandira ili ndi timikwingwirima m'mabowo a masikuluwu, pomwe yonyezimira, yosakhudzidwapo, yakhala kukhomo lopereka. Anazula waya wa magetsi nthawi yomweyo.

Analumikiza diski yakaleyo ku kompyuta ya shopu. Kompyutayo inayankha mwaulemu kuti diskiyi ilibe kanthu, ndipo inafunsa ngati akufuna kuifomata, ndiko kuti kuipukutiratu. Ndathakale anakhala pansi penipeni.

Tinene zoona pano, chifukwa mlandu wonse wagona pamenepa. Mpaka nthawi imeneyo Ndathakale anali atachita ulesi ndi kusamvera, koma madzi anali asanatayike onse. Kamakina kanali katangopondereza kuchiyambi kwa diski. Zambiri zinali zikadali m'katimo, zitangosowa njira yozipezera. Iye ankadziwa zimenezi. Mawu a bambo ake ankamveka m'mutu mwake bwinobwino: chotsa manja, undiitane. Anatenga foni, anapeza nambala yawo, n'kukhala akuiyang'ana.

Wamafilimu analowa kudzamutenga. Atamva nkhaniyo anaimba likhweru.

"Ukawauza madala, watha. Anakutama pamaso pa mayi uja, ndiye uwachititse manyazi? Msewu wonse umva kuti mwana wa Amisiri anafufuta mwana wa eni. Mvera ine. Thira pulogalamu pa diski yatsopanoyo, laputopu iyake. Yakaleyi unene kuti inafa yokha, pajatu inali kale kulira."

"Ababa akabwera adzafuna kuiyeza. Adzaona chimene chinachitika."

"Adzaiyeza ikadzakhalapo. Ndipatse ine. Malo a mafilimu andithera, ndipo ukandipatsa umboni watha."

Ndathakale anaika foni pansi. Anamupatsa diskiyo ndi dzanja lake, osakakamizidwa, ndipo mnyamatayo anaiika m'thumba la kumbuyo n'kutuluka.

M'mawa mwake amake Kabatani anabwera atavala kumwetulira. Ndathakale anali atakonzekera mawu, ndipo anatuluka mosalala moti iye mwini anachita nawo mantha.

"Mayi, pepani. Diski ija inafa ndisanayambe n'komwe. Ndayesa njira zonse."

"Inafa? Nanga zithunzi?"

"Palibe chatuluka."

Mayiyo anagwira tebulo. "Koma Amisiri anati ikadali ndi moyo. Chachitika n'chiyani, mwanangu?"

Bodza likafunsidwa funso limabala linzake. Ndathakale anakumbukira ulusi wa bulangeti umene anaupeza mu fani. "Kodi mumaigwiritsa ntchito pabedi?"

"Eya, ndimaiika pabulangeti ndikamaonera."

"N'chimenecho. Bulangeti limatseka mabowo otulukira mpweya, ndiye kutentha kunaipsereza m'kati pang'onopang'ono."

Uphungu wake unali woona, laputopu siikidwa pabulangeti. Koma sindiwo unapha zithunzi za Kabatani, ndipo Ndathakale anaona ndi maso ake mawuwo akulowa mwa mayiyo ngati singano.

"Ndiye kuti ndine," anatero amake Kabatani motsitsa. "Ndaipsereza ndekha." Anafunsa ngati angatenge diski yakufayo, Ndathakale n'kuti anaitaya kale pamodzi ndi zinyalala za shopu. Mayiyo anagwedeza mutu, anathokoza, anakulunga laputopu yake yopanda kanthu m'nsalu ija, n'kuwoloka msewu osayang'ana ngati kukubwera galimoto.

Amisiri atabwera n'kumva, nkhope inagwa. "Sunakopere kaye?"

"Inakana, ababa. Inafa ndikungoilumikiza."

"Ili kuti? Ndiiyese ndi pulogalamu yofukulira ija."

"Anaitenga eni ake. Akuti asaikhudzenso munthu."

Amisiri anapumira m'mwamba. "Tiwasiye kaye mtima utsike. Diski ikangokhala m'kabati osaigwira, siiwonongeka. Tidzawapempha bwinobwino." Kenako anamusisita paphewa. "Usadziimbe mlandu, mwanangu. Zina zimakanika ngakhale utachita zonse moyenera."

Kumenyedwa kukanapepuka kuposa dzanja limenelo. Ndathakale ankadziwa kuti diskiyo sinali m'kabati. Inali kuseri kwa khoma lomwelo, ndipo tsiku lililonse Wamafilimu ankathirapo mafilimu atsopano. Akamva makasitomala ake akuseka kumeneko, ankadziwa kuti penapake m'kabokosi kaja Kabatani akukwiriridwa kachiwiri. Kangapo konse anaimirira kuti akailande, koma kuilanda kunkatanthauza kufotokoza, choncho ankakhalanso pansi.

Kutsidya kwa msewu makina osokera anasiya kulira. Anthu ankabwera ndi nsalu n'kubwerera nazo. Tsiku lina amayi ake a Ndathakale anabwera kuchokera kumeneko maso ali ofiira.

"Mayi uja watentha bulangeti lake kuseri kwa nyumba. Akuti, 'Mwana ndinalephera kumusunga, ndalepheranso ndi chithunzi chake chomwe. Ndine mayi wanji?' Akuti akatseka maso amaona diresi ndi mabatani, koma nkhope sikubwera." Anayang'ana mwana wawo. "Iwe bwanji sukudya masiku ano?"

"Mutu ukundiwawa."

Kutchalitchi Ndathakale ankakhala kumbuyo, osaimba nawo nyimbo. M'shopu anayamba kugwira ntchito mosamala modabwitsa, kupukuta fani iliyonse, kumata selotepi ngakhale pa zinthu zosafunika, poganiza kuti mwina ntchito zabwino zambiri zingakwirire choipa chimodzi. Amisiri ankamuyamikira, ndipo kuyamikira kulikonse kunkamulemera pachifuwa.

Patapita milungu, masana ena, amake Kabatani analowa m'shopu atanyamula kaphukusi. Anali ataonda, diresi likuwalendewera.

"Amisiri kulibe? Palibe kanthu, ndabwerera iwe. Ichi ndicho choyamba kusoka chichitikireni zija." Anamasula kaphukusiko. Munali diresi lobiriwira, losokedwa mwaluso, koma mabatani ake anali osiyanasiyana: lofiira, lachikasu, loyera, lina looneka ngati kaduwa. "Usaseke mabataniwo. Ndi a m'chitini chake chija, amene ankawakonda. Iwe unkamukonda mwana wanga, unamupatsa kiyibodi yake, ndipo unavutika kuyesa kupulumutsa zimene ine ndinawononga. Ndilibe china chokuthokozera."

Ndathakale analandira ndi manja awiri. Mayiyo atachoka, iye anakhala ndi diresilo pamiyendo, chala chili pa batani la kaduwa lija, n'kuyamba kulira kulira kwa mwana wamng'ono, kosabisa. Amisiri anamupeza choncho.

"Chavuta n'chiyani?"

"Ababa, ndinanama. Diski sinafe. Sindinakopere, sindinamate selotepi, ndinaibaya mozondoka. Amake Kabatani sanaitenge, ndinamupatsa Wamafilimu. Ndipo ndinawauza mayi aja kuti anaipsereza okha."

Amisiri sanakalipe. Anavula magalasi awo, anawapukuta nthawi yaitali, n'kuwavalanso. "Nyamuka," anatero.

Wamafilimu atawaona pakhomo uchi wonse unauma. "Ine sindikudziwapo kanthu, madala. Anandipatsa yekha, anati ndi yotaya. Mufunseni." Anazula diskiyo pakompyuta yake filimu ina ikadali kulowa, n'kuipereka osayang'ana Ndathakale kumaso. Kuyambira tsiku limenelo sanatsamirenso pazenera la shopu.

Amisiri analumikiza diskiyo n'kuyatsa pulogalamu yofukula zofufutika. Inali itadzaza mpaka pakamwa.

"Unazula waya patapita nthawi yaitali bwanji?"

"Pang'ono chabe. Filimu inali itangoyamba."

Amisiri anatseka maso. "Ukanandiimbira tsiku lomwelo, pafupifupi zonse zikanatuluka. Vidiyo ija, zithunzi, zonse. Chofufutika chimakhala chikadalipo mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Kulakwitsa kwako kunangogwetsa chitseko, mwanangu. Nyumba inagwetsedwa ndi kubisa."

Pulogalamuyo inafufuza mpaka tsiku lotsatira. Inatulutsa zidutswa za mafilimu a nkhondo ndi a chikondi zosawerengeka, tizithunzi ta masitayilo a madiresi, ndi chithunzi chimodzi cha Kabatani. Pamwamba pake panali bwinobwino: khoma la chipinda chosokera, tsitsi lomangidwa timfundo, riboni wachikasu, chipumi chowala. Chithunzicho chinathera pa nsidze. Kuchokera pamenepo mpaka pansi panali potuwa pokhapokha, ngati simenti.

"Nkhuyu zodya mwana zimapota akulu," anatero Amisiri. "Ine ndi amene ndinakutama, ndiye tipitira limodzi. Koma wolankhula ukhala iwe."

Anawapeza amake Kabatani atakhala pamakina, osasoka. Ndathakale anagwada pasimenti, diresi lija lili m'manja, n'kunena zonse, osasiyako ngakhale za nthabwala ya pafoni. Mayiyo anamvetsera osaphethira.

"Ndiye kuti si bulangeti langa?"

"Ayi, mayi. Bulangeti linangodetsa fani. Zithunzi zinali zonse pamene munkazibweretsa."

"Sindine?"

"Sindinu. Ndine."

Amake Kabatani anatulutsa mpweya wautali, ngati munthu amene watula mtolo umene wayenda nawo mtunda. Kenako nkhope inalimba. "Unandiona ndikuwoloka msewu tsiku lija. Unamva kuti ndasiya kusoka. Ndinakubweretsera mabatani a mwana wanga, iwe n'kulandira. Zithunzi ukanangotaya, ndikanati tsoka silinunkha. Koma iwe unandisenzetsa mlandu wako, n'kumandiyang'ana ndikuvutika nawo."

Ndathakale anaweramitsa mutu.

Amisiri anatsegula laputopu ya shopu imene anabwera nayo n'kuonetsa chimene chinatsala. Mayiyo anasendera pafupi. Anaika chala pa riboni, anatsika nacho pachipumi, anafika pa nsidze, n'kuima pamene utoto wotuwa unayambira. Anakhala choncho nthawi yaitali, akudikira ngati kuti maso aja atulukira.

"Riboniyu ndinamumanga ndine," anatero. "Tsiku limeneli ankaseka. Ndikudziwa kuti ankaseka." Misozi inagwera pa kiyibodi. "Mundiikire pa fulashi. Ziwiri."

Ndathakale anatambasula manja kuti abweze diresi. Mayiyo anakana ndi mutu.

"Ayi. Ndinasokera iwe, ndipo ulivala. Kukhululuka ndiyesetsa, Mulungu andithandize, koma usandifunse lero. Ulivale pogwira ntchito, kuti dzanja likamathamangira batani la makina, liziyamba lakhudza awa."

Nkhaniyo inamveka msewu wonse, monga Wamafilimu ananenera, ndipo makasitomala ena anasamukira kwina osabwereranso. Amisiri anakalamba m'miyezi yochepa. Ndathakale anatsala m'shopu, ndipo dzina lake lija anthu anapitiriza kumuitanira, koma silinkamukomanso. Makina a kutsidya anayambanso kulira, ngakhale kuti mwini wake akakumana naye pamsewu ankangoyankha moni n'kupitirira.

Inu achinyamata amene zala zanu zimathamanga kuposa za makolo anu, imvani. Chimene mwauzidwa kuti muchite poyamba, chitani poyamba, ngakhale chioneke chochedwetsa: koperani musanakhudze, sungani chamtengo malo awiri, yang'anani musanadine. Ndipo mukalakwa, nenani tsiku lomwelo. Ulesi umawononga, koma bodza lobisa ulesiwo ndilo limapha chimene chikanapulumuka, n'kusenzetsa wosalakwa katundu wanu. Kulapa kochedwa Mulungu amakulandira, koma sikubweza zonse. Mpaka lero, pakhoma la chipinda chosokera chija pali chithunzi cha mwana wopanda maso, ndipo m'mawa uliwonse mayi ake amaima patsogolo pake kuyesa kukumbukira mmene ankasekera.